Motoka sinacile, anangoitseka pakamwa

Nyengo ino, pamene ndalama za fodya, soya na nshawa zayamba kulowa m'matumba, yendani pang'ono ca ku Kapata kapena ku Down Shops muone mmene mamotoka olembedwa "For Sale" pagalasi aculukila. Ma Vitz, ma Spacio, ma Corolla, ma Noah, onse osambitsidwa bwino, matayala opakidwa polishi, mkati mununkhila ngati shopu ya mafuta odzola. Pa Facebook napo ni cimodzi-modzi: "buy and drive", "lady driven". Mayi ameneyo ayenela kuti ni wolema kwambili, cifukwa zioneka kuti mamotoka onse a mu Chipata anayendetsapo ni iye yekha.

Ngati ndinu mmodzi wa amene asunga kandalama, kaya ni ka loni ya kunchito, ka cilimba kapena ka mbewu, ndipo mufuna kucoka pa njinga na pa matakisi, nkhani ya lelo ni yanu. Ambili a ife sitikwanitsa kuitanitsa motoka ku Japan, kulipila sitima, kukaitenga ku Nakonde, kenaka n'kukumana na a ZRA. Timagula ya pano-pano, imene yadutsa kale m'manja awili, atatu, nthawi zina asanu. Palibe ca manyazi pamenepo. Koma dziwani kuti simugula nsimbi cabe. Mugulanso nzelu za anthu onse amene anaigwilapo, maka-maka nzelu za tsiku lija analibe ndalama koma anafunika kufika ku Lundazi dzuwa lisanalowe.

Motoka imakamba. Ikadwala ili na njila zake zodandaulila: fyuzi imapsa, kalaiti kamayaka pa deshibodi, madzi amatentha. Cimene cimapezeka kwambili mu mamotoka a pano-pano n'cakuti mwini wakale sanacilitse matenda. Anangoitseka pakamwa kuti ileke kulila. Mwana akalila usiku inu n'kumuika citenge kukamwa, nyumba imakhala zii, koma malungo ali pomwepo.

Tiyambe na fyuzi, kanthu kochipa kuposa mbale ya nsima pa msika koma kamene kaimilila pakati pa inu na moto. Tsegulani kabokosi kake. Kamodzi kamakhala pansi pa deshibodi, kena mu boneti pafupi na batili. Mafyuzi a pulasitiki aja ali na mitundu, ndipo mtundu uliwonse uli na tanthauzo: yofiila ni ya 10, yabuluu ni ya 15, yacikasu 20, yobiliwila 30. Pa civundikilo ca kabokosi anajambulapo mapu oonetsa nambala yofunika pamalo aliwonse. Olo mawu akhale a Cijapanizi, manambala ni omwe aja tinaphunzila ku Grade 1. Linganizani. Mukapeza yobiliwila pamene mapu akamba 10, kapena kawaya ka kopa kokulungidwa pa miyendo ya fyuzi yakupsa, kapena kapepala konyezimila ka mu paketi ya fodya, dziwani kuti pali shoti imene munthu wina anaithawa m'malo moisakila.

Nchito ya fyuzi ni kuteteza waya. Anaipanga dala kukhala yofooka, kuti mphamvu ikapitilila ife yokha, waya n'kupulumuka. Batili ya motoka ni ya 12 volts cabe, mungaigwile na manja osamva kanthu, ndiye cifukwa cake anthu amaidelela. Koma ikapeza njila yacidule yopita ku bodi, imatulutsa ma amps mahandiledi. Kawaya kang'ono ka maindiketa kamafiila psuu ngati waya wa pa stovu, pulasitiki yake imasungunuka n'kugwila mawaya ena onse amene amangidwa nako mtolo umodzi. Mtolo umenewo umadutsa kuseli kwa deshibodi, pansi pa kapeti, pafupi na siponji ya mipando. Zonsezo ni nkhuni zouma. Amene anacotsa fyuzi ya 10 n'kuikapo waya anangosankha kuti ulendo wotsatila cidzapse ni motoka yonse, ndipo ulendo wotsatilawo ungagwele inu, muli na ana kumbuyo.

Manje shoti imeneyo imacokela kuti, popeza ku Japan motoka inacoka ili bwino? Kumeneko lamulo la shaken limafuna kuti motoka yatsopano ipimidwe ikakwanitsa zaka 3, kenaka pa zaka 2 zilizonse, ndipo kupimitsako kumadya ndalama, n'cifukwa cake ambili amagulitsa motoka ikali na moyo. Isanakwele sitima yobwela kuno imapimidwanso. Mawaya ake amafika ali monga anawalukila ku fakitale. Cipongwe cimayambila kuno kwathu, ndipo kambili cimayambila pa wailesi.

Mawailesi ambili a ku Japan amagwila FM kuyambila 76 kufika 90, pamene masiteshoni athu ali pakati pa 87.5 na 108. Conco mwini woyamba amapeza kuti siteshoni yake ya pamtima siimveka, sikilini ilemba Cijapanizi, ndipo pali kabokosi ka ETC, ka ma toll gate a kwawo, kamene kamakamba na mawu a mzimayi nthawi zonse mukaliza injini. Pa toll gate ya pakati pa Katete na Chipata mayi ameneyo sangakulipilileni olo ngwee. Ndiye mwini uja amapita nayo kwa mnyamata wa mawailesi. Alipo mapulagi opangidwa kale olumikizila wailesi yatsopano popanda kudula waya olo umodzi, koma afuna ndalama na kuyembekezela. Pulayala ili pafupi. Kudula, kusenda na mano, kupotokola, kukulunga tepu, basi nyimbo zayamba.

Mwini waciwili amaika alamu. Wacitatu anali kuiyendetsa ngati takisi, anaikamo tracker kuti aziona kumene dalaivala wake apita usiku. Wacinayi ni mnyamata wokonda ciwawa: cisipika mu buti, waya wonenepa wocokela ku batili wopanda fyuzi, wodutsa pa kabowo ka nsimbi kopanda labala yochinjiliza, ukukhuzika pang'ono-pang'ono pa bampu iliyonse ya mseu wa ku Chadiza. Pogulitsa, aliyense amazula cake n'kusiya mawaya ali lende, ena akali na moto. Inu gwadani, ikani mutu pansi pa deshibodi na tochi ya foni. Mawaya a ku fakitale amayenda mtolo umodzi womangidwa bwino, opanda mfundo. Mukapeza cisa ca mpheta, mfundo za tepu pano na apo, mawaya ofiila okha-okha opita kosadziwika, mwaona mbili ya motokayo kuposa mmene wogulitsa angakuuzileni.

Tepu yakuda yochipa ija siigwilizana na dzuwa lathu. Mu October motoka ikakhala pa Kapata Market kuyambila m'mawa mpaka 15 hours, guluu wake umasungunuka, tepu n'kumasuka yokha. Mvula ikabwela cinyezi cimalowa, kopa n'kucita dzimbili lobiliwila. Apa m'pamene motoka imayamba kukhala na mizimu. Muponda buleki, indiketa iyaka. Muyatsa malaiti, wailesi izima. Hutala ilila yokha pa nyumba ya malilo. Musathamangile kwa ng'anga kapena kuganizila aneba. Kambili ni waya wa earth womasuka, kapena mfundo imene yavula tepu. Yang'anani na mtundu wa waya umene anagwilitsila nchito. Wa motoka uli na tumawaya tambili mkati kuti uzipindika motoka ikamagwedezeka. Wa m'nyumba, uja wa kopa mmodzi wolimba, umathyoka mkati mwa cikopa cake, kunja ukuoneka wamoyo. Ngati waya wotelo ndiwo upita ku pampu ya petulo, tsiku lina injini izazima muli pakati popitilila thilaki.

Ku batili nako musadutse mothamanga. Batili yomangidwa na malegeni, kapena yosamangidwa n'komwe, imadumpha pa mabampu mpaka mutu wake wa positive n'kukhudza nsimbi. Theminolo yokhomeledwa msomali kuti igwile, na mawaya asanu opachikidwa pa mutu umodzi ngati zovala pa cingwe, zonsezo ni zizindikilo za dzanja lomwe lija.

Fyuzi ya waya munthu angaiike cifukwa ca umphawi kapena kusadziwa. Kuzimitsa laiti ya cenjezo pa deshibodi kokha ni dala. Motoka ikayatsa check engine wogula aliyense amafunsa, ndiye ena amamasula deshibodi n'kucotsa kababu, kapena kumata tepu yakuda kuseli kwake. Ocenjela kwambili amalumikiza laitiyo ku laiti ya oilo kapena ya batili, kuti iziyaka na kuzima pamodzi na inzake monga zonse zili bwino.

Njila yowagwilila siifuna ndalama. Khalani pa mpando, tembenuzani kiyi kufika pa ON koma osaliza injini. Ngati ni ya batani, dinizani kawili osaponda buleki. Malaiti onse ayenela kuyaka: check engine, oilo, batili, komanso ABS na airbag ngati motoka ili nazo. Welengani imodzi-imodzi. Imene siinayake, funsani kuti inapita kuti. Ndiyeno yembekezelani osagwila ciliconse. Ya ABS na ya airbag zimazima zokha pakapita masekondi ocepa, injini ikali cete, cifukwa kompyuta imakhala yatsiliza kudzipima. Ya oilo, ya batili na check engine zimayembekezela kuti injini ilile. Mukaona ya airbag yakhalabe mpaka mwaliza injini, ndiyeno n'kuzima nthawi imodzi na ya oilo ngati a kwaya, pamenepo panapita munthu. Wogulitsa akayamba kukamba kwambili nthawi imeneyi, kukuonetsani mmene mawindo atsikila na mmene sipika ilila, maso anu asacoke pa deshibodi.

N'cifukwa ciani munthu angabise laiti ya airbag? Kambili motoka inagundapo, ma airbag anaphulika, ndipo ena ni odula. Amamata civundikilo ca pa sitelingi, mkati muli mphako, n'kuika ka resistor kuti kompyuta iziganiza kuti zonse zilipo. Ka resistor kameneka kamaphasa ngakhale mayeso a kiyi aja, conco sakilani zizindikilo zina za ngozi. Civundikilo ca sitelingi cosiyana mtundu na deshibodi. Mpata wa boneti waukulu mbali imodzi, wocepa mbali ina. Mabauti a fenda okhala na zipsela za sipanala. Tengani ka magineti, mukakulunge mu kansalu kuti kasakande penti, muyendetse pa zitseko na mafenda. Pamene kakana kugwila pali filler yonenepa. Akulu anati cikome-kome ca mkuyu mkati muli nyelele, ndipo penti yatsopano pa motoka ya zaka 15 iyenela kukufunsitsani mafunso, osati kukusekeletsani.

Ciwili cokhudza mitundu ya mawaya cimene mufunika kusunga pamtima: acikasu ni a airbag, musalole munthu kuwayesa na test lamp, angaphulitse airbag kumaso kwake. A olenji, mu ma hybrid monga Aqua na Prius, amanyamula ma volts opitilila 100. Amenewo si a mnyamata wa mawailesi.

Makina a diagnosis alipo m'magalaji a mu tauni muno, ndipo ndalama yake ni yocepa poyelekeza na mtengo wa motoka. Koma dziwani kuti makodi amafufutika. Wogulitsa angawafufute m'mawa inu musanafike. Yambani mwaiyendetsa, theka la ola olo kupitilila, mu tauni na pa mseu waukulu wa ku Mwami, ndiye muiike pa makina pambuyo pake. Matenda eni-eni amabwelanso.

Lomba tifike pa nkhani imene tizakangana, cifukwa nidziwa kuti ena a inu amalume anu ni amakanika: thermostat. Pali cikhulupililo cakuti kanthu aka ni ka ku Japan kozizila, kuno ku Africa sikafunika. Zabodza. Injini zomwezi zimagulitsidwa ku Dubai na ku Australia, kumene kumatentha kuposa ku Mfuwe, ndipo thermostat imakhalamo. Nchito yake ni kusunga madzi mu injini mpaka atenthe kufika pa mlingo woyenela, pa ma Toyota ambili ca m'ma 82 digili, ndiye n'kutsegula kuti apite ku lediyeta. Mukaicotsa, injini imacedwa kutentha, maka-maka m'mawa wa mu June, ndipo kompyuta imapitiliza kuthila petulo wambili poganiza kuti ikali yozizila. Ndiye mumve munthu adandaula ati ka Vitz kanga kakumwa ngati Land Cruiser.

Koma vuto lalikulu si petulo. Funso ni lakuti anaicotsela ciani. Palibe amene amauka m'mawa n'kumasula thermostat ya motoka imene iyenda bwino. Inayamba kuwila. Cimene cinaiwilitsa cingakhale lediyeta yotsekeka na dzimbili, civundikilo cake cakutha, pampu ya madzi, kapena head gasket. M'malo mosakila, anacotsa thermostat n'kulumikiza fani dailekiti kuti izizungulila nthawi zonse. Mu tauni, kucoka ku Kapata kupita ku Moth kapena ku Kalongwezi, motoka imadzisunga ulemu. Koma ikwezeni banja lonse na masaka awili a cimanga, muikwezetse mapili a ku Kacholola pakati pa Nyimba na Luangwa Bridge masana a mu October. Pamenepo m'pamene muzadziwana, ndipo galaji ili kutali.

Conco pitani kukaona motoka m'mawa, ndipo musachule ola leni-leni. Gwilani injini na dzanja. Ngati ni yofunda ndipo mwini wake akuti "nangoiwotha kuti musavutike, bwana", mubwelenso mawa. Injini yozizila siidziwa kunama: utsi wabuluu ni oilo imene ipsa, utsi woyela wosatha ni madzi amene alowa kumene safunika, kugogoda kwa masekondi oyamba kuli na nkhani yake. Zimitsani AC, lizani injini, mvelani fani. Siifunika kuzungulila nthawi yomweyo. Ikali yozizila conco, tsegulani lediyeta (ikatentha musayese, izakusendani nkhope). Mufunika kuona coolant wofiila, wapinki kapena wobiliwila. Madzi a mtundu wa tiyi wopanda mkaka ni a pa citsime, adya kale nsimbi mkati. Thovu lotuluka mosalekeza injini ikulila, kapena phala loyela pansi pa civundikilo ca oilo, ni head gasket. Pratley womatidwa pa lediyeta amaoneka na maso. Dzila, sopo na zina zimene anthu amathila mkati kuti zitseke pobooka sizioneka, koma zimatsekanso tumapaipi tumene tufunika kukhala totseguka. Mamotoka ang'ono ambili alibe na singano ya kutentha, ali cabe na kalaiti kabuluu kapena kobiliwila ka kuzizila na kofiila ka kutentha. Ka kuzizila kakacedwa kwambili kuzima, kapena kakabwelanso potsika phili, thermostat mulibe.

Za mabuleki nizakamba mwacidule cifukwa palibe coseketsa. Silinda ya wilo imodzi ikayamba kudontha, alipo amene amaphwanya paipi yake na hamala kapena kuitseka na msomali kuti mafuta asathe. Pedulo imalimba bwino-bwino, koma motoka imaima na mawilo atatu, ndipo tsiku loponda mwadzidzidzi pa mseu wonyowa imatembenuka. Ikwezeni pa jeke, wina aponde buleki, inu muyese kuzungulitsa wilo iliyonse. Zonse zinayi, osati ziwili zakutsogolo cabe.

Zina n'zodyela thumba pang'ono-pang'ono. Oilo yolimba kwambili yothilidwa kuti ibise utsi na kugogoda. Mafuta a giyabokosi wamba othilidwa mu CVT ya Vitz, Fit kapena Note, imene ifuna mafuta ake-ake. Catalytic converter yodulidwa n'kugulitsidwa cifukwa ca platinum na palladium zili mkati, pamalo pake n'kuwochelelapo paipi. Labala ya CV joint yomangidwa na pulasitiki ya shuga. Izi mungakambilane mtengo, mucotseko ndalama yokonzela. Za moto, za mabuleki na za head gasket, ine ningakuuzeni kuti siyani, mamotoka ni ambili.

Musaganize kuti nanyoza amakanika athu. Ambili amacita zimene thumba la mwini motoka lalamula. Makanika amakamba zoona kuti pafunika sensa yatsopano, ndipo mu tauni mulibe, ifunika kucokela ku Lusaka, makilomita opitilila 550, ibwele pa basi mawa kapena mkuca, kapena wina awoloke pa Mwami akaisakile ku Lilongwe. Mwini motoka amayankha ati "mangani cabe ifike, tizaona kutsogolo." Kutsogolo kumeneko sikufika. Motoka yayenda, vuto laiwalika, pakapita miyezi isanu yalembedwa "For Sale". Cimango ca tsiku limodzi cakhala ca muyaya, ndipo amene anamanga na amene analamula onse awili sadzakhalamo tsiku cizamasuka.

Wamawaya wabwino mungamudziwe musanamulipile. Ena anapita ku Chipata Trades ndipo ali na mapepala a TEVETA, ena anaphunzila pansi pa mtengo wa mango ndipo amaposa a mapepala, conco pepala palokha si umboni. Onani zida na mafunso. Wabwino amatulutsa multimeter na test lamp, ndipo mukamuuza kuti fyuzi ipsa-ipsa amafunsa kuti imapsa mukacita ciani: mukaponda buleki, mukaika livesi, mvula ikagwa? Winayo amakhudzitsa waya ku bodi kuti aone ngati uthetheka, ndipo yankho lake pa fyuzi yakupsa ni fyuzi yaikulu. Wabwino amalumikiza na soda kapena kukanikiza na kacitsulo kake, n'kuvalika heat shrink. Akaika cinthu catsopano, sipika kapena ma spotlight, amaika fyuzi yake pafupi na batili, ndipo malaiti amphamvu amawapatsa relay. Mupempheni apime batili pamaso panu: injini ili cete ikhale ca m'ma 12.6, ikulila ikhale pakati pa 13.5 na 14.5. Ngati batili imatha usiku, apime mphamvu imene ituluka motoka ili yozimitsidwa. Ikapitilila kwambili ma milliamps 50, azule mafyuzi imodzi-imodzi mpaka wakuba apezeke. Kambili wakubayo ni alamu yakufa kapena tracker ya mwini wakale. Kugula batili yatsopano musanagwile wakuba ni kumudyetsa cabe.

Wamawaya ameneyu na makanika akhale anu, obwela na inu, olipidwa na inu. Makanika wa wogulitsa amadya kwa wogulitsa.

Tracker ija ili na mbali ina. Zina zimatha kuzimitsa pampu ya petulo na meseji ya pa foni, ndipo SIM card ili mkati si yanu. Ngati motoka inaikidwapo cikole kwa a kaloba kapena ku kampani ya maloni, amene ali na nambala ija angaiimitse pamene afunila. Funsani mosabisa ngati muli tracker, alamu, kapena ka switch kobisika kozimitsila injini, ndipo akuonetseni pamene kali. Funsani white book yeni-yeni, osati fotokope, muyelekeze nambala ya chassis na ya injini na zimene zalembedwa pa nsimbi. Wina akakuuzani kuti white book ili kwa mlamu wake ku Petauke izabwela pa Monday, ndalama zanunso zibwele pa Monday.

Ena amati, "Koma ili na fitness ya RTSA." Ni bwino, ikhale nayo. Koma fitness imakamba za tsiku limene motoka inapimidwa, ndipo opima samasula deshibodi kuti awelenge mfundo za tepu kapena kusakila thermostat. Si nchito yawo. Ngati munagula ku kampani yogulitsa mamotoka ndipo anakunamizani, kuli a CCPC, bungwe loteteza ogula pansi pa lamulo la 2010, mungakadandaule kumeneko. Koma ngati munagula kwa munthu pa msika, n'kusaina kalata yakuti mwaitenga mmene ilili, mlandu wake umalema. Conco zimene wogulitsa alumbila pakamwa, ati siinagundepo, ati siiwila, ati mulibe tracker, mupempheni azilembe mu kalata yogulitsila, asaine pali mboni. Woona mtima amatenga bolopeni. Winayo amakumbukila mwadzidzidzi kuti kalipo kanthu kang'ono kamene anaiwala kuchula.

Nanga imwe amene munagula kale, ndipo powelenga izi mtima wayamba kugunda? Patulani tsiku limodzi na kandalama, muipeleke kwa wamawaya acotse zonse zakufa: alamu imene siigwila, mawaya a sipika imene inapita na mwini wake, mfundo zonse za tepu azimange bwino. Mafyuzi abwelele pa manambala a pa mapu. Ikapsa, ndiye kuti yayamba kukamba, mulekeni asakile. Bwezani thermostat, mukonze cimene cinali kuwilitsa.

Ndipo tsiku lina mukamva fungo la pulasitiki yakupsa muli pa mseu, musati nifike cabe pa filling station. Imani pambali, zimitsani injini, tulutsani anthu onse nthawi yomweyo, ana coyamba. Mawaya akapsa, central lock na mawindo a magetsi zingafe, ndipo zitseko zakumbuyo zingakhale pa child lock, conco zitseguleni kunja imwe mwini. Utsi ukacokela mu boneti musaikweze yonse, mphepo imadyetsa moto. Tsegulani kampata, mupopele cozimitsila moto ca ufa kupyolela pamenepo. Cozimitsila cimeneco cikhale pofikika, osati pansi pa masaka mu buti. Ngati lawi likalibe kuoneka ndipo mungafike pa batili bwino-bwino, masulani waya wa negative, cifukwa kuzimitsa kiyi sikuletsa shoti ya waya wocokela ku batili dailekiti. Pa mamotoka ambili a ku Japan nati yake ni ya sipanala namba 10. Gulani imodzi, muisunge m'thumba la citseko ca dalaivala.